Motoka ya Atate Itayamba Kuyetsemula

Chaka chimene amai anachoka pakhomo, motoka ya atate inayamba kuyetsemula. Ndikuti kuyetsemula chifukwa ndi mmene atate ankanenela, koma kunali kuphulika ndithu. Ukailiza, injini inkanjenjemela ngati munthu wa malungo, boneti ili gwedegwede, ndiye ukangoponda moto pang'ono, mu kabuleta, mosakanizila petulo ndi mphepo, munkamveka kuti pha, nthawi zina ndi kautsi komwe. Nkhuku za pakhomo zinafika pozolowela. Zikangoona atate atenga makiyi, zinkathawila kuseli kwa nkhokwe.

Motokayo ndi pikapu yakale yobiliwila, yaikulu kwa ine pa zaka. Atate anaigula ali mlangizi wa zaulimi, boma litawatumiza ku Nyimba kuchoka kwao ku Katete. Ndi yomweyo imene anakatengela amai ku Mwape, kuchigwa, atangokwatilana. Atapuma pa nchito anamanga ku Kaumbwe, ine n'kupeza malo a uphunzitsi pa boma pa Petauke. Ndine mwana woyamba, ndipo popeza wamwamuna anachedwa kubwela, ndine amene ndinakula ndikuwagwilila sipanala. Mtima wapachala ndinatengela iwo omwewo, ndiye tikakhala awili pansi pa boneti sipachedwa kubuka mkangano.

Amai anachoka chifukwa cha mtengo wa mango. Anaubzala okha pabwalo, ndi njele imene anachita kubwela nayo kuchoka ku mtengo wa pakhomo pa makolo ao. Tsiku lina ali ku msonkhano wa azimai a kutchalitchi, atate anaitana anthu a nkhwangwa n'kuugwetsa. Ati masamba ndi zitosi za mbalame zinkaononga penti. Pamalo pomwepo anamangapo shedi ya malata yoti motoka izigonamo. Amai atabwela anangoima n'kuyang'ana chitsa. Anadikila mpaka nshawa zao, mtedza umene anabzala, zitakumbidwa ndi kuuma, kenaka anamanga kachikwama n'kukwela basi.

Kwa amalume anga nkhani ngati imeneyi saikamba pa foni. Mwamuna amanyamuka yekha, kukakhala pansi pamaso pa abale a mkazi wake. Kutuma mwana kapena m'busa ndi chipongwe. Atate ankadziwa bwino zimenezi, koma nyengo yonse yozizila anangokhala akuti, "Abwela okha akatopa." Amai sanatope. Dzuwa litayamba kuswa mtengo, amalume, mlongo wao wa amai, anandiimbila foni.

"Mwana wanga, amako apempha munda," anatelo. "Ndawapatsa wa kumadimba. Ukudziwa kuti mkazi akabzala kwao ndiye kuti wakhazikika. Ndipo mvula ikangoyamba, mitsinje imatseka njila mpaka pokolola. Uwauze atate ako."

Ndinawauza, ndipo sindinawauze mwaulemu. Anavomela kupita, koma ananenetsa kuti apita pa motoka yao. Ndinati tikwele basi mpaka pa Nyimba, kuchoka apo tipeze njinga zamoto. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana.

"Ine ndikafike kwa alamu anga nditanjatidwa kumbuyo kwa njinga ngati thumba la makala? Amai ako ndinawatenga pa motoka iyi, ndikawatenganso pa motoka iyi."

Basi, kuyambila pamenepo moyo wanga unali wa Lachisanu. Ndikangoweluka kusukulu, ulendo wa ku Kaumbwe, kukabwela pa Sondo madzulo zikhadabo zili bii. Pakati pa sabata ndinalibe mtendele. Ndinkaphunzitsa nditaima pafupi ndi windo, maso ali kumwamba, ndipo kamtambo kalikonse kankandidula mau pakati pa chiganizo. Ana a m'kalasi anayamba kundiseka kuti amadamu akudikila ndeke.

Loweluka loyamba, nditatsegula chitseko cha motoka, ndinapeza matumba a nshawa ali pa mpando mpaka kudenga. Inali mbewu ya amai. Ndinafunsa kuti zimenezi n'zotani.

"Pakhomo pano malo okiyika ndi ano okha," atate anayankha. "M'nkhokwe akuba amabowola pansi."

Amai ankasunga mbewu m'mbiya, kuthila phulusa, n'kumata pakamwa ndi dothi. Atate, amene anatha moyo wao wonse akuphunzitsa anthu kasungidwe ka mbewu, pao pomwe sanafunsepo kuti mbiyazo zimakhala kuti. Ndinaseka mpaka misozi, tinatulutsa matumbawo, ndipo ndinaiwalako.

Woyamba kumuganizila anali petulo. Atate ankagula wa m'zigubu pamsewu, zigubu zomwe dzulo lake munali mafuta ophikila kapena madzi. Tinakhuthula thanki yonse, ine n'kubwela ndi petulo woyela kuchoka ku boma, chigubu chili pamiyendo ulendo wonse. Tinathila, tinaliza. Inanjenjemela chimodzimodzi, kenaka pha.

Sabata yotsatila tinamasula mapulagi. Ine ndinkayembekezela kuwapeza akuda ndi mwaye, koma nsonga zake zinali zotuwa mbee. Atate anati zoyela ndiye zabwino. Ine mtima unkandiuza kuti kuyela kumeneko n'kopitilila, koma sindinkadziwa kuti kukutanthauza chiyani, ndiye ndinangogula atsopano. Sizinasinthe. Tinapala mapointi, tizitsulo topeleka moto ku mapulagi, tinapotoza uku ndi uku kusaka pamene moto uzilowela nthawi yake. Tikapotozela kumanja inkazima, tikapotozela kumanzele inkaphulika kwambili, galu wa aneba n'kuyamba kuuwa.

Kenaka tinaitsitsa kabuleta yonse. Nditabwela kotunga madzi ndinapeza atate aiphwasulila pa lichelo la amai, tizitsulo tonse tili mbwee, petulo akudontha pansi pake. Ndinapsa mtima koopsa. Ndinawafunsa ngati mtengo sunawakwane, kuti tsopano ayambe zipangizo za kukhichini. Tinatsuka chilichonse, timabowo ting'onoting'ono tinatipopa ndi pampu ya njinga, ndiye pobwezela kasikulu kamodzi kanagwela mumchenga. Tinatha masana onse titagwada, tikusefa mchenga ndi sefa ya ufa, thukuta likulowa m'maso. Tinakapeza dzuwa litapendeka. Titamanga zonse, atate anapukuta manja, anakhala pa mpando mwaulemu ngati woyendetsa bwanamkubwa, n'kupotoza kiyi. Pha.

Ndinabweletsanso makanika wa ku boma, popanda kuwafunsa. Munthuyo anangoima patali manja ali m'thumba, n'kunena kuti mavavu anapsa, injini itsitsidwe ipite ku Chipata. Atate anamuonetsa njila. Tsiku limenelo lokha ndinagwilizana nao, chifukwa kupita ku Chipata kukanatidyela mwezi wathunthu, ndipo mwezi tinalibe.

Mitambo inali itayamba kusonkhana madzulo alionse kumbali ya ku Mozambiki. Amai ndikawaimbila, akakwela pachulu pomwe foni imagwila, ankandifunsa za sukulu, za mwendo wanga umene unkavuta, koma za atate ayi. Tsiku lina anangoti, "Munda ndasosa." Ndinadula foni. Ndinali ndi mantha enieni, mantha a mwana wamng'ono, ine munthu wamkulu wa nyumba yangayanga.

Loweluka limenelo ndinalankhula zimene zinkandidya.

"Atate, kodi mukufuna kuti ichile motokayi, kapena mukukondwa kuti yakupatsani pobisala?"

Anali atawelamila mu injini. Ndinaganiza kuti sanamve, chifukwa makutu ao anali atayamba kugontha. Kenaka anadzuka. Ndi pamene ndinaona kuti malaya akuwakhuthuka, lamba anabowola bowo lina.

"Ndikufuna ichile," anatelo. "Chimene sindidziwa n'chakuti ndikakafika ndikanena chiyani. Mtengo sungabwezedwe."

Ndinawapatsa sipanala imene sanapemphe, iwo n'kuilandila.

Pakati pa sabata yotsatila pa Petauke panawaza kamvula, kongokwanila kununkhitsa fumbi. Sindinadikile Lachisanu. Ndinapempha kwa ahedi kuti kwathu kuli vuto, limene silinali bodza, n'kunyamuka. Ndinapeza atate ali m'shedi, akuyang'ana motoka ngati ng'ombe yodwala.

Batile linali litafelatu ndi kulizaliza kwa masabata onsewo, osasunganso moto, ndiye tinkachita kuikankha kuchoka pa kachitunda ka kuseli kwa shedi kuti ilile. Italila, ine ndinakhala pa mpando kuigwilila kuti isazime. Poti m'mawawo kunali kachisanu, ndinakoka choki, kachitsulo kamene kamatseka mphepo yolowa mu kabuleta injini ikazizila. Kunjenjemela kunachepa. Ndinabwezela mkati, kunayambilanso. Ndinakokanso, kunachepa. Ndinawaitana atate kuti aike dzanja pa boneti amve okha.

"Ukaitsekela mphepo ikupeza bwino," anatelo pang'onopang'ono. "Ndiye kuti ikumwa mphepo yambili, petulo wochepa. N'chifukwa chake mapulagi anatuwa aja. Koma kabuleta tinamanga bwino. Mphepoyo ikulowela pati?"

Iwo sakanamva kanthu ndi makutu aowo. Ndinadula kachidutswa ka payipi yothilila dimba, mbali imodzi ndinaika kukhutu, inayo n'kumaiyendetsa pang'onopang'ono kuzungulila injini. Pansi pa kabuleta panalibe kanthu. M'mbali munali phokoso la zitsulo chabe. Nditafika kumbuyo kwenikweni, kumene injini imayandikana ndi khoma la kokhala anthu, ndinamva kamluzu kakang'ono, psii, kosalekeza. Ndinapisa dzanja mosaona, chitsulo chotentha chikundiwaula pamkono. Zala zinagwila zinthu zopepuka zokhwekhweleza. Ndinatulutsa dzanja lodzaza makoko a nshawa.

Ndinapisanso. Munatuluka makoko ena, tinsanza ta chitenje, ndi manyi a makoswe. Kuseli kwa chisacho kunali payipi yakuda yochoka pa injini kupita ku chimgolo cha mabuleki. Pamwamba inkaoneka yabwinobwino, n'chifukwa chake tinkaidumpha masiku onsewo, koma kunsi kwake makoswe anali atateketa bowo lolowa chala. Ndinatsekapo ndi chala chachikulu. Nthawi yomweyo injini inakhazikika, n'kumalila mofatsa mmene ndinkaimvela ndili mwana, ndikugona pa miyendo ya amai pa ulendo.

Atate anatola makoko aja pansi n'kumawayang'ana m'dzanja.

"Zaka zonsezi khoswe sanalowemo m'motoka muno," anatelo.

"Zaka zonsezi simunasungemo nshawa," ndinayankha. "Ndipo mphaka uja ali kuti?"

Mphaka anali atasamukila kwa aneba kalekale, chifukwa womupatsa chakudya anali amai. Ndinkafuna kupitiliza, mau anali atadzaza m'kamwa, koma nditaona nkhope yao ndinameza.

Tinadula pamene panateketedwapo, tinalumikiza ndi kachitsulo ka mpope wakale wopopela thonje, n'kumanga zolimba ndi malegeni a chubu cha tayala. Ndinaponda moto mpaka pansi. Sinaphulike. Za batile tinalibe nazo nthawi, chifukwa kumwamba kunali kutada kale mbali imodzi. Tinagwilizana kuti mailo, kukangocha m'mamawa, tiikankhe pa kachitunda, ndipo ikalila, osaizimanso mpaka titabwelela pakhomo ndi amai.

Atate anavala jekete ya kutchalitchi ndi kutentha konse kuja. Pa Nyimba tinaima injini ikulila, iwo n'kugula nthochi ndi shuga pa windo. Titasiya tala n'kuyamba kutsetseleka kuchigwa, ine khosi linali litauma ndi kucheuka. Mitambo inkatitsata kumbuyo. Mitsinje ya kumeneko ilibe milatho, umangodutsa pamchenga. Woyamba unali wouma. Wotsatila mchenga wake unali wonyowa, m'mbali muli thovu lofiila ndi zinyalala, kusonyeza kuti madzi anadutsapo kale usiku. Atate analowamo ndi giya yoyamba, milomo ikuyenda, kaya ankapemphela kaya ankayeseza zokanena.

Tinafika dzuwa lili pamutu. Bwalo la amalume ndi lamchenga wokhawokha, lathyathyathya, lopanda ndi kachitunda komwe. Atate anaimika motoka pamthunzi wa mtengo waukulu wa mango umene uli pakati pa bwalo, n'kutsika injini ikulila. Amai anali pakhonde akusankha mbewu ya chimanga. Anandikumbatila ine, n'kungowapatsa atate moni wa mlendo. Amalume anatulutsa mipando iwili ndi mphasa, anthu ena achibale n'kumabwela mmodzimmodzi. Tonse titakhala, atate anakonza kukhosi kuti ayambe. Amalume anakweza dzanja.

"Alamu, motoka ija ikudikila ndani?"

Atate anafotokoza za batile, kuti ikazima siingalilenso, ndipo pamchenga ngati apa ngakhale mudzi wonse utakankha siingathamange mokwanila.

"Ndamva," amalume anatelo. "Koma pano si pa siteshoni ya basi. Munthu wobwela kudzakamba za banja sasiya injini ikulila kumbuyo kwake. Ngati mwafulumila, pitani bwino, mudzabwele tsiku limene mudzapeze nthawi."

Masabata onse aja, mkono wowauka, mchenga umene tinasefa, ndiye munthu azitiuza za siteshoni ya basi? Ndinatsegula pakamwa, koma amai anandiyang'ana kamodzi kokha, ndipo ndinatseka. Kumapili kunagunda bingu. Aliyense pabwalopo ankadziwa chimene chikupemphedwa. Motokayo ikazima, mvula n'kugwa, ndiye kuti ikhala pomwepo dzinja lonse, panja, popanda shedi, ndi mwini wake yemwe.

Atate anayang'ana kumwamba, anayang'ana motoka. Kenaka anadzuka, mawondo akulila, n'kuyenda pang'onopang'ono kudutsa bwalo lonse. Anaima kaye dzanja lili pa boneti. Analowetsa mkono pa windo n'kupotoza kiyi. Pabwalo panangoti zii, mpaka tinayamba kumva njiwa. Anabwelela, ndipo sanakhalenso pa mpando. Anakhala pa mphasa, n'kuika makiyi pafupi ndi bondo la amai.

"Ndinalakwa pa mtengo uja," anatelo. "Ndinaudula ngati kuti pakhomo paja ndimakhala ndekha. Ndabwela kuti mundiuze zonse, ndipo sindikufulumila."

Amai anawauzadi zonse. Sizinali za mtengo wokha ayi. Zinayambila kutali, zina ine ndisanabadwe, ndipo zina zinandichititsa manyazi kumva mpaka ndinapita kukathandiza kukhichini. Nkhani isanathe mvula inafika, yamphamvu, yamadontho akuluakulu, anthu n'kuthawila pakhonde ndi mipando yao. Inagwa tsiku lonselo ndi mailo lake lomwe. Mtsinje uja wa mchenga wonyowa unadzaza mpaka m'mitengo.

Ine sukulu inkandidikila. Madzi atatsikako pang'ono, amalume anapeza amuna oti andiolotse pa mapazi, kuti tsidya linalo ndikakwele njinga yamoto imene atate anaikana ija. Makolo anga anabwelela ku Kaumbwe onse awili mitsinje itaphwa, atakolola chimanga cha kumadimba, ndi batile latsopano limene ndinawatumizila. Koma chimene chimandibwelela kawilikawili ndi m'mawa umene ndinkatsazika.

Atate anali atavula jekete ija, atavala malaya obweleka kwa amalume, khasu lili paphewa, akudikila amai kuti atsogole njila ya kumunda. Motoka inali pomwe paja pansi pa mtengo, matayala atalowa m'matope, denga lonse lili masamba ndi zitosi za mbalame. Mtengowo ndi umene amai anatengako njele ija, ndipo mango anali atayamba kupsa. Ndikugwilana nao chanza, limodzi lalikulu linathothoka n'kugwela pa boneti kuti du, mpaka chitsulo chinalowa mkati pang'ono. Atate anapita, analitola, analipukuta pa malaya, n'kupatsa amai.